Phesi Pansi pa Galimoto ya Apongozi

Pondibwereka galimoto yawo kuti ndikatute chimanga ku Lirangwe, apongozi anga aamuna ananena chimodzi chokha: “Musalowe nayo m'munda.” Ine ulesi wosenza matumba unandigwira, ndinalowa nayo mpaka pamulu.

Pobwerera, kanyali kachikasu kanayaka pafupi ndi chiwongolero. Apongozi atakaona n'kundifunsa, ndinayankha ngati katswiri: “Timatero timagalimoto ta ku Japan tikamva kutentha.” Chonsecho unali mwezi wa Juni, tonse titavala majuzi.

Sabata yonse galimoto inkafuka utsi wakuda, mafuta n'kumangotha ngati thanki yabooka. Apongozi anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa makaniko wina ku Chileka. Mkuluyo anakwawira pansi, n'kutuluka ndi waya woduka, utakolana ndi phesi.

“Uyu ndi waya wa sensa ya pa ekizozi,” anatero. “Sensayo imanunkhiza utsi n'kuuza injini kuti ichepetse mafuta kapena iwonjezere. Ikakhala chete, injini imangomwa mwachimbulimbuli. Tilumikiza, ichira lero lomwe.”

Apongozi anatola phesilo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali kalikiliki kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale.

“Ndinalowa m'munda, bambo,” ndinatero, maso ali pansi.

“Ndinadziwa tsiku lomwelo. Matayala anabwera ndi chisoso.”

Kanyali katazima, apongozi anandipatsa makiyi, phesi lija n'kuliika padashibodi.

“Bambo a Tadala, mawa mukatenge matumba otsala aja. Ili likhale pompa, lizikuonani.”