Kapu ya Ulusi Wofiira

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, ya mzere wabuluu pakamwa pake, ndipo pansi pake utoto unali utasupuka pamene inagwa tikusamuka. Pachogwirira anamangapo ulusi wofiira. Inkakhala yokhayokha pazenera la kukhitchini kwa amalume ku Woodlands, kutali ndi makapu ena amene ankasungidwa m'kabati. Mpaka lero ndikaona ulusi wofiira, ngakhale pamakina a telala, ndimakumbukira kapu ija.

Tinafika kwa amalume kuzizira kukutha, bambo atangomwalira. Nyumba imene tinkakhala ku Kabwata inali ya kuntchito kwawo, ndiye maliro atatha tinauzidwa kuti tituluke. Amalume, achimwene awo a amayi, anabwera kudzatitenga pagalimoto yawo, ife awiri ndi matumba athu. Ine ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kozolowera phokoso la m'mafulati, kumene mwana akalira pamwamba apansi amafuula kuti mpatseni bere. Ku Woodlands kunali zii. Mpanda wautali, mabotolo osweka pamwamba pake, geti lachitsulo, ndi galu amene sanandikonde chifikire.

Ndisawanamizire amalume, sanali munthu woipa. Anatipatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba, ndipo sanatimanepo chakudya. Koma iwo ndi akazi awo, amene ndinkawatchula kuti ba Anti, ankapemphera kutchalitchi china cha zokuzira mawu zazikulu, kumene abusa ankalalikira thukuta lili kamukamu kuti Yesu anabweretsa moyo wochuluka. Mawu amenewa amalume anawamata ngakhale pagalasi la kumbuyo kwa galimoto. Kwa iwo moyo wochuluka unkaoneka ndi maso: masaya odzaza, mpanda, ana onenepa. Ankakonda kunena patebulo kuti, “Mwana wa Mulungu saonda.” Ankanena akuseka, akudzisisita pamimba, osaona kuti mlongo wawo wagwetsa nkhope.

Pakuti amayi ankaonda. Mphete yaukwati inayamba kuvuka yokha akamachapa, ndipo pamilomo pawo panatuluka zilonda. Bambo nawonso anayamba choncho. Matenda ake palibe ankawatchula dzina, ankangoti zomwezi. Ine m'mutu mwanga ndinalumikiza zinthu mosavuta: ngati moyo wochuluka ndi masaya a amalume, ndiye kuti wa amayi ukuchepa, ngati madzi a m'thanki mipopi ikauma.

Ulusi uja anamanga ndi ba Anti. Tsiku lina anandipeza ndikutambasula dzanja kuti nditenge kapuyo, ndipo anandimenya padzanja ndi chipande. “Iwe! Usagwile kapu ya bamai bako. Ufuna kufa monga batate bako?” Anayankhula Chinyanja chawo cha m'tauni, mwachangu, maso ali tong'o. Lero ndikudziwa bwino kuti kachirombo ka matendawa sikayenda m'kapu, ndipo ndikakumbukira ndimapsa mtima, koma ndimaonanso kuti mayi uja ankanjenjemera zenizeni. Anali ndi ana ake, ndipo mantha ake anandipatsira ine onse.

Abale, ndinaiopa kapu ija kuposa galu. Ndikalowa kukhitchini ndinkadutsa chammbali, nditagwira mpweya. Ntchentche ikatera pakamwa pake ndinkaitsatira ndi maso kuti ndione pamene igwere. Amayi sanadandaule. Ankaitsuka okha pampopi wa panja, ndipo analeka kulawa tiyi wanga asanandipatse, chinthu chimene ankachita kuyambira ndili wakhanda. Ndikawayandikira kwambiri ankatembenuza nkhope.

Kutentha kutafika pachimake, mitengo ya m'misewu itachita maluwa ofiirira aja amene amayoyoka ngati mvula, amayi analeka kudya. Ndinkawapititsira mbale, n'kukaitenga ili momwemo, ntchentche zili ng'waa. Ankagona pamatiresi atayang'ana kukhoma, malata akulira ndi dzuwa, ndipo kapu inasamukira pakampando pafupi ndi mutu wawo. Sanali kulira, sanali kupemphera. Anali atangodzisiya. Amalume ankaima pakhomo n'kuwauza kuti alimbe chikhulupiriro, koma sankalowa.

Ine ndinkapitabe kusukulu yanga yakale ku Kabwata paminibasi. Aphunzitsi anga anali mnzawo wa amayi, ankaimba limodzi m'gulu la amayi a chigwirizano kutchalitchi chathu chakale, ndipo onse awiri kwawo kunali ku Katete. Anali mayi wamfupi, waukali, wa mawu ngati belu, amene ankatha kukukoka khutu uku akumwetulira. Tsiku lina anandifunsa za amayi, ine ndinangoti ali bwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka anati tikaweruka ndiwadikire.

Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo, nsapato zawo zili mbuu ndi fumbi. Ba Anti anawalandira mwaulemu wonse, n'kubweretsa madzi ozizira a m'firiji m'tambula yagalasi, pathireyi. Aphunzitsi anathokoza, koma sanailandire. Analowa m'chipinda chathu, anavula nsapato, n'kukhala pamatiresi penipenipo, phewa lawo likukhudza msana wa amayi. Kenaka anaona kapu ija pakampando, ili ndi madzi otsala, ofunda. Anayang'ana ulusi, anayang'ana ba Anti amene anaima pakhomo ndi thireyi yawo, ndipo anainyamula n'kumwa onse mpaka kugugudiza.

Mayo ine! Aphunzitsi anangopukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kundipatsa kapuyo kuti ndikatungenso. Ndinaigwira ndi nsonga ya diresi. Nditabwera nayo anadzutsa amayi, anawamwetsa, otsalawo anamalizanso okha. Mawu amene ndikuwakumbukira ndi ochepa. “Anzanga, moyo umene tinalonjezedwa uja sudikira kumanda ayi. Unayamba kale, ndipo inu muli momwemo. Takhalani tsonga.” Anaimba nyimbo imodzi chapansipansi, amayi akungogwedeza milomo. Atapita, amayi anagonanso n'kuyang'ana kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inasanduka malo odikirira maliro. Ndinkakhala kutsogolo, maso pa aphunzitsi, osamva chilichonse chimene ankaphunzitsa. Ndinkayang'ana wotchi yawo ngati yayamba kukhwepa pamkono. Ndinkayang'ana milomo yawo. Akatsokomola ndi fumbi la choko, ndinkati zayambika. Masamu ndinalephera onse, anandikoka khutu, ine n'kumangoganiza kuti dzanja limeneli posachedwa liuma. Ndinkadzimva ngati ndasunga chinsinsi choopsa, poti m'kalasi monse ndine ndekha ndinkadziwa kuti mayiyu wamwa imfa.

Ndiye m'mawa wina sanabwere. Analowa aphunzitsi ena aamuna n'kunena mwachidule kuti anzawo sakupeza bwino. Basi, kwa ine nkhani inathera pomwepo. Pobwerera kunyumba minibasi yathu inaima kupatsa njira lole ya maliro yopita kumanda aja a kuseri kwa Woodlands, kumene tinakasiya bambo. Azimayi anadzaza kumbuyo, zitenje kumutu, akuimba za kwawo kumwamba. Ndinawayang'ana mpaka anakhota, ndipo maganizo anga anayenda motere: aphunzitsi akupita, amayi akupita, bambo anapita kale. Ku Sande sukulu anatiuza kuti kumeneko kuli moyo wosatha, kulibe kulira. Onse akakhala limodzi, akuimba. Ine nditsala kuseri kwa mpanda uja ndi ba Anti ndi galu.

Imfa ndinkaiopa, musaganize kuti ayi. Ndinali nditaona bambo m'bokosi, thonje m'mphuno. Koma kutsala ndekha ndinakuopa koposa.

Ndinapeza amayi ali chigonere, mbale ya mpunga ndi nyemba ili pansi yosakhudzidwa. M'chipinda munkanunkha mafuta opaka ndi thukuta. Sindinavule ngakhale yunifolomu. Ndinagwada pakampando paja, ndinagwira kapu ndi manja awiri, manja enieni osati diresi, ndipo mano anga ankagogoda pachitsulo. Madzi anali ofunda, akumveka dzimbiri. Ndinamwa nditatsinzina, ndikudikira kuti mwina ndigwa pomwepo.

Nditatsegula maso, amayi anali atatembenuka, akundiyang'ana. Anandifunsa kuti ndikuchita chiyani. Ndinati, “Ndikufuna tipitire limodzi. Musandisiye kuno.”

Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo n'kupeza kuti mwana ali pafupi ndi moto. Anatsamira chigongono, anadzikoka, anakhala tsonga popanda wowagwira. Anandikokera pachifuwa pawo, ndipo ndinamva nthiti zawo zonse, koma mikono inandigwira mwamphamvu moti ndinabanika. Anandipsompsona pachipumi ndi milomo ya zilonda ija. “Chitsiru cha mwana,” anatero. “Kapu siipha munthu. Ndipo palibe amene akupita kulikonse. Tandipatsa mbaleyo.”

Anadya. Mpunga wozizira, nyemba zouma pamwamba. Supuni iliyonse inkawawawa m'kamwa, misozi ikutsika, koma anatafuna pang'onopang'ono mpaka mbale inafika pakati. Atatha anatenga kapu ija, analuma ulusi ndi mano, anaudula, n'kuulavulira pansi. Ba Anti anaona tsiku lotsatira kuti ulusi palibe. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi amene anali ataima okha pampopi, ndipo sanamangenso wina.

Aphunzitsi anabwerera kusukulu tsaya litatupa ngati abisamo chitsononkho cha chimanga. Anali atakachotsa dzino, basi! Ine ndinkawalira maliro munthu akulimbana ndi dzino. Ndi iwo omwewo amene pambuyo pake anawagwira amayi padzanja n'kupita nawo kuchipatala, kumene mankhwala otalikitsa moyo anali atayamba kuperekedwa. Sindinena kuti madzi a m'kapu anachiritsa munthu, chimene chinawathandiza ndi mankhwala. Koma munthu amene wayang'ana kukhoma samwa mankhwala.

Amayi sananenepe mpaka kalekale, ndipo galimoto kapena mpanda sanakhale nazo. Tinasamukira m'kachipinda ka lendi ku Chelstone, iwo n'kumagulitsa tomato wokaoda kumsika wa Soweto. Koma anthu ankadzaza pakhomo pathu, makamaka odwala amene abale awo ankawaopa, ndipo aliyense ankamwera m'kapu imene yapezeka. Anakhala ndi moyo mpaka kubereka ana anga kumsana. Pamene nthawi yawo inafikadi, ine ndili mayi wamkulu, anandiuza kuti sakuopa, poti kumene akupitako akukapitiriza zimene anayamba kale kuno. Ndinalira, koma sindinapemphe kuti tipitire limodzi.

Zonsezi ndazidziwa ndili wamkulu. Kamtsikana kaja sikanakhulupirire mawu a amayi ake ngakhale pang'ono, kankaganiza kuti akungokatonthoza. M'mawa uliwonse ndinkaima pagalasi la kubafa kwa amalume, kukoka milomo kufunafuna zilonda, kuyeza mkono ndi zala ngati wayamba kuchepa. Mvula yoyamba inagwa, fumbi linanunkhira, inswa zinatuluka, ine ndikadali moyo, ndipo ndinkangodabwa kuti imfa ikuchedwa pati. Ndinali wotsimikiza kuti atatu tonse tinaimwa m'kapu ija. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti, chimwereni ine madzi aja, amayi ankadzuka m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti lero kuli chakudya chanji.