Ndinkasala kudya mpaka mwana wanga atatera

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, chikondi changa chinatsala pang'ono kuphetsa anthu osalakwa pa bwalo la ndege limene ine sindinaliwonepo ndi maso.

Ndimakhala ku Utale. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma Mulungu anandikomera mtima. Mwana wanga Fabiano anaphunzira mpaka kukhala woyendetsa ndege, wothandizana ndi kaputeni, pa kampani ina ya kunja. Kwathu kuno munthu akapita ngakhale pa Liwonde pompa amatumiza mawu kuti wafika bwino. Nanga wa m'mitambo? Choncho ndinapangana ndi Mulungu kuti tsiku limene Fabiano akuuluka sindidzalawa kanthu mpaka nditamva kuti watera. Vuto lake ndili ndi matenda a shuga, moti tsiku lina ndinakomoka m'munda wa nandolo ndikudikira uthenga wake. Atamva anandiimbira foni. "Amayi, muzidya, Mulungu sayang'ana m'mbale." Ine ndinati iyayi, pangano ndi pangano.

Kuyambira pamenepo mwanayu anayamba kuyatsa foni matayala akangogunda pansi, chinthu choletsedwa pa ntchito yawo. Ine ndinkangosangalala kuti uthenga ukubwera msanga.

Tsiku lina ananyamuka mochedwa chifukwa cha mvula, ndipo ankadziwa kuti sindinadye chiyambire m'mawa. Ndege ikatera imayenda pang'onopang'ono ngati basi kupita kumene anthu amatsikira. Njira yawo inkadutsa msewu wina umene ndege zimathamangapo ponyamuka. Owongolera ndege a pansanja analamula pa wailesi kuti aime pa mzere wachikasu. Fabiano, amene anali pa wailesiyo, anayankha kuti wamva, koma maso anali pa foni akundilembera. Kaputeni ankayesa kuti aloledwa kudutsa, ndipo womukumbutsa panalibe. Anadumpha mzere uja. Ndege ina yodzaza anthu inali itayamba kale kuthamanga, ndipo woyendetsa wake anamanga mabuleki mpaka matayala kufuka utsi. Palibe anavulala.

Uthenga unandipeza pakhonde: "Ndatera amayi, idyani." Ndinagwada, ndinayamika, ndinadya mbatata yanga osadziwa kanthu.

Pasanapite nthawi Fabiano anatulukira pakhomo ndi kachikwama, atamuimitsa ntchito pofuna kufufuza. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango kundithandiza kumenya nandolo. Kenaka anandifotokozera zonse. Kwa akuluakulu ake sanabise za foniyo, koma ine sananditchule. Laisensi yake, imene bambo ake anagulitsira ng'ombe zonse, inali m'manja mwa anthu ena, ndipo ine ndi kolona yanga sindikanatha kukawapepesa.

Ndikuthokoza Mulungu kuti akuluakulu aja anamubwezera laisensiyo atamuphunzitsanso ndi kumuyesa mayeso. Koma ukaputeni umene unali pafupi unapita kwa anzake, iye akadali pa mpando womwewo.

Amayi anzanga, amene muli ndi ana oyendetsa ndege, malole kaya minibasi, pempherani ndithu, koma pemphero lanu musalimangirire pakhosi pa mwana. Inunso oyendetsa, kugunda pansi si kufika. Zimitsani injini kaye, anthu atsike. Mayi wanjala akhoza kudikira, koma ana a eni ake amene anali m'ndege ina ija analinso ndi amayi awo akudikira pakhonde.