Elekitironi Yamkati

Mayeso a Fizikisi anamugwetsa kawiri. Kachiwiriko sanalire n'komwe. Anangobwerera kunyumba, n'kuthira makala m'simbi, n'kuyambiranso kusita zovala za anthu.

Anali mwana wachisamba. Mayi ake atafa ziwalo mbali imodzi, kuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa mankhwala zonse zinagwera iye. Buku ankaliwerenga mongoba, tsamba limodzi podikira kuti simbi itenthe. Mtima wake wonse unali pa ntchito yojambula ekisileyi kuchipatala, moti ana asukulu akamadutsa pawindo ankawatsatira ndi maso mpaka malaya kununkha kupserera.

Tsiku lina mng'ono wake anabwera ndi funso la kusukulu: n'chifukwa chiyani elekitironi yoyandikira phata la atomu imavuta kuichotsa?

"Phatalo limaikoka kwambiri," anayankha akupinda malaya. "Komanso elekitironi siikwera pang'onopang'ono ayi. Kuti ifike pamsinkhu wapamwamba imafuna mphamvu yokwanira pakamodzi. Mphamvuyo ikaperewera, siisuntha n'komwe."

"Ndiye yamkatiyo ndinu, achemwali," mng'onoyo anaseka. "Akunjafe timangodziyendera."

Nthabwalayo inamulasa. Mayi nawo anaimva ali gone pabedi.

Kutacha, mayi anaitana ana awo onse atatu.

"Mkulu wanuyu ndamugwira ndine," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Mutu umodzi susenza denga. Iwe mng'ono wakewe uzindisambitsa. Mchimwene wakoyu azisita. Mkuluyu abwerere kusukulu, chaka chathunthu."

"Nanga inuyo, amayi?" mkuluyo anafunsa.

"Ndati pita."

Mkuluyo anakakhala pa desiki limodzi ndi ana amene ankawasitira mayunifolomu, ndipo iwo sanachedwe kumutcha Anti. Kunyumba mchimwene uja anabowola masiketi a eni ake, makasitomala ena n'kuthawa. Nthawi ya mankhwala ikakwana, Anti ankadzidzimuka m'kalasi, mtima uli kwa mayi. Koma sanajombe, ndipo ulendo wachitatuwu anakhoza.

Lero amajambula ekisileyi. Mayi anamwalira iye adakali kukoleji, osamuona atavala chovala choyera cha kuchipatala. Amawasowa kwambiri, makamaka akamagoneka mayi wokalamba pamakina. Amamugwira mofatsa kuposa mmene ntchito imafunira.

Inu amene chikondi chakumangirirani pakhomo, musataye mtima, ndipo musachite manyazi kunena kuti katundu wakulemerani. Koma ngati ndinu amene mwagwira mwana wanu pamkono, mumasuleni mudakali ndi mpweya woti munene kuti "pita".