Mvula Yogwa Kutsidya

Chaka choyamba cha ukwati wanga ndinakhala pa chilumba china m'nyanja ya Chilwa, kumene amuna anga ankapha matemba ndi milamba. Kwathu ndi kunsi kwa phiri la Michesi, ndipo ndinali ndi munda wanga kumeneko, umene amayi anandidulira nditangokwatiwa. Mizere ndinali nditaunga kale mu Ogasiti ndisanawoloke. Chinatsala ndi kubzala basi.

Okutobala atalowa, dzuwa linkatuluka lili lolusa kale. Nyenje zinkalira m'mitengo kuyambira m'mawa mpaka mutu kuwawa. Mitengo ya kumtunda kwa chilumba inaphuka masamba anthete ofiirira, mango n'kuyamba kupsa, pamene pansi panali fumbi lokhalokha. Masana kunkabwera mphepo ya mpoto, yotentha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa, itanyamula fungo la matope. Madzi a pachitsime anasanduka amchere, moti sopo ankakana kuchita thovu.

Nyanja nayo inkathawa. Sabata iliyonse mabwato ankakocheza patali kuposa sabata yapitayo, ndipo pakati pa ife ndi madzi pankatsala thope lakuda lomwe pamwamba linkauma n'kung'aluka. Amuna anga anatsatira madziwo pamodzi ndi asodzi anzawo, n'kumakagona m'zimbowera, tinyumba tomanga pamwamba pa udzu woyandama. Ndinatsala ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna angawo, mayi wamasiye amene ankayanika nsomba n'kumakagulitsa kumtunda.

Ine mtima sunkakhala m'malo. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinkakwera pa mwala waukulu wa kuseri kwa nyumba kangapo pa tsiku, kukayang'ana kummwera kumene Michesi inkaonekera mwa chizimezime mu utsi wa moto wa m'tchire.

"Alamu, mwalawo muumaliza ndi mapazi," ankatero alamu angawo akutembenuza matemba pa thandala.

Tsiku lina Lachitatu masana, mtambo wakuda unaunjikana pamwamba pa Michesi. Ndinaona mvula ikutsika ngati nsalu yotuwa, phiri lonse osaonekanso. Mabingu ankamveka pansipansi. Pamene ndinaimapo dzuwa linali phwee, mwala ukuotcha kumapazi. Ndinaimba foni kwa amayi, koma sinalowe. Ndinaimbanso kanayi.

"Kwathu yagwa," ndinawauza alamu. "Anzanga mawa akubzala."

"Imeneyo ndi yozimitsa lupsa chabe. Wailesi yanena kuti ya chaka chino ichedwa."

"A wailesiwo ali ndi munda ku Michesi?"

Mawa lake mtambo unabweranso, mvula n'kugwanso kutsidya komweko. Ndinamanga kathumba kanga ka mbewu ya chimanga ndi nandolo, n'kuwauza kuti Lachisanu ndikuwoloka, bwato lilipo kapena palibe.

Vuto linali lakuti nyanja inali itafika poipa: madzi ochepa moti bwato silingayandame, thope lambiri moti munthu sangayende bwino. Anthu anali atakumba ngalande yopapatiza yokankhiramo mabwato ndi nsungwi zazitali, koma nayonso inkathera panjira. Alamu anati sangandilole kupita ndekha. Anasenza dengu lawo la matemba, akuti bola akagulitse, ulendo usapite pachabe.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Bwato linatitenga mwina ola limodzi, kenaka linakhala pansi. Mwini bwato anati, "Amayi, apa ndiye pothera. Tsikani." Tinakwinya zitenje n'kutsika. Thope linandifika m'mawondo, lofunda ngati phala. Ukazula mwendo uwu, winawo walowa. Patapata wanga mmodzi anatsalira momwemo, ndipo sindinamufunefune. Akakowa ankangotiyang'ana, osathawa n'komwe.

Pakati pa ulendo ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Ndinagwada m'thopemo, kathumba kali pamutu. Alamu anatula dengu lawo pa chitsa cha udzu, anandimwetsa madzi a m'botolo lawo, otsalawo n'kundithira m'khosi.

"Kodi inu simunaime?" anafunsa motsitsa mawu, ngakhale panalibe wina womva.

Sindinamve funsolo. Anabwerezanso mosazungulira: "Kumwezi mwapita liti?"

Ndinawerenga m'mutu, n'kupeza kuti masiku anali atapitirira kale. Iwo anaseka koyamba tsiku limenelo. "Ndiye n'chifukwa chake simukhala pansi. Bweretsani kathumbako." Anasanjika mbewu yanga pamwamba pa nsomba zawo, n'kusenza zonse.

Tinafika pa nthaka youma dzuwa lili paliwombo. Alamu anatsala pamsika wa padoko, ine ndinakwera kabaza, kenaka minibasi mpaka pa Boma, kenakanso kabaza wina. Ndinafika kwathu miyendo ili yotuwa ndi thope louma, phazi limodzi lopanda nsapato.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kwagwanji kuchilumba?"

"Palibe. Ndabwera kudzabzala."

"Kubzala chiyani? Pita ukakumbe ndi chala uone."

Ndinapita kumunda. Pamwamba pa mzere panali ponyowa, koma chala chitangolowa pang'ono chinapeza dothi louma, lotentha. Mvula yonse ija ndinkaiona inali itagwa m'phiri. Kumudzi kunangofika mawawa. Komabe ndinali nditavutika kwambiri moti sindikanatha kungokhala. M'mawa mwake ndinabzala theka la munda, amayi ataima m'mphepete manja ali kumbuyo. Sanandiletse, koma sanagwire khasu.

Chimanga chinamera patatha masiku asanu ndi limodzi, tinsonga tobiriwira mizere yonse. Kenaka kumwamba kunayera mbee kwa masabata atatu. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukaona masamba akupotana, mpaka anauma ngati udzu wofolerera. Akuluakulu a kumpingo anaitanitsa mapemphero, anzathu achisilamu a pamsika nawonso anapempha kwawo. Ine ndinkangoyendayenda pakati pa munda ndi nyumba, mseru uli m'kamwa, ndikulakalaka mango aawisi othira mchere.

Mvula yeniyeni inabwera Disembala atayamba, ndi mphepo yomwe inasasula denga la khitchini. Inagwa masiku atatu osakata. Tinabzala munda wonse ndi mbewu imene amayi anasunga mu mtsuko, iwo kutsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndikuponya ndi kukwirira.

Amuna anga anabwera Khirisimasi itayandikira, mitsinje itayamba kuthira m'nyanja. Nkhani ya mimba anali ataimva kale kwa mlongo wawo. Anakhala pa mpando kunja, chipewa chili pa bondo, n'kupempha amayi kuti ndikhale kwathuko mpaka mwana abadwe, chifukwa chipatala chili pafupi. Amayi anavomera. Ine ndinafunsa ngati bwato layamba kufika pagombe penipeni, ndipo anati latsala pang'ono.

Mwana anabadwa mu Juni, kukuzizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Kuchilumba ndinabwerera ali ndi miyezi itatu.