Mashoko a Mpweya a Che Zubairu

Pa siteji ya akabaza ku Chikweo, njinga yamoto ya Che Zubairu Sadiki inkadziwika kuposa mwini wake. Sinali yatsopano, utoto unali utayamba kusuwa, koma munthu amene anaikwerapo kamodzi sankafunanso ina. Ankati ukakhala kumbuyo kwake, msewu wa makwinya uja umangomveka ngati mphasa.

Zubairu anabadwira komweko, mwana wa mlimi wa thonje amene ankakonzanso njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango. Sukulu anailekeza sitandade seveni, ndipo mwini wake ankati nzeru zake zinathawira m'manja. Atakwatira Rukiya n'kumanga nyumba kuchikamwini, anatsatira anzake ku Joni, kumene anakhala zaka zinayi akutsuka zitsulo m'galaja ya mzungu wina woitanitsa zipangizo zakale kunja. Tsiku lina m'katundu woteroyo munapezeka bokosi la chithunzi chodabwitsa: chinjinga chopanda mateyala, chokhala ndi timatabwa tiwiri kutsogolo, chikuthamanga pa zinthu zoyera mbee ngati ufa. Mzunguyo anamuuza kuti ndi njinga ya kumaiko ozizira, kumene chisanu chimaunjikana pansi mpaka kulekeza m'mawondo. M'bokosimo munali mashoko awiri, zitsulo zija zimameza kugunda kwa msewu kuti kusafike pamsana pa wokwera. Koma awa analibe masipuling'i. M'kati mwake munali mpweya, ndipo anabwera ndi kapampu ka m'manja kokhala ndi kawotchi. Ukapopa ankalimba, ukaphwetsa ankafewa.

"Kuno palibe angawafune. Tenga," anatero mzunguyo.

Atabwerera kumudzi anagula njinga yamoto, n'kukagona masiku atatu ku Liwonde kwa wowotcherera zitsulo wina dzina lake Yotamu, mpaka mashokowo anakhala bwino kumbuyo kwa njingayo. Zotsalazo anaziphunzira yekha pamsewu. Akanyamula matumba a chinangwa kapena nsomba zouma za ku Chiuta ankapopa kwambiri kuti njinga isakhale pansi. Akanyamula munthu ankaphwetsa molingana ndi thupi lake. Ndipo ankadziwa kuonetsera. Ankayamba wamuyang'ana kasitomala kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kugwada pafumbi, kulumikiza kapampu, n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono, psii, psii, maso ali pakawotchi.

"Takhalani tione, bwana. Mukumva bwanji? Ndichotseko wina?"

Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, ogula thonje, onse anali ndi nambala yake ya foni. Anzake a pasiteji anamupatsa dzina loti Sofa, iye n'kulilembetsa pathanki.

Chaka chimene Rukiya anali ndi pakati pachitatu, zinthu zinavuta, mwana anabadwa pa opareshoni kuchipatala chachikulu ku Liwonde. Bala linachedwa kupola, ndipo atabwerera kumudzi anauzidwa kuti azikatsukitsa kuchipatala chaching'ono cha kwawo kawiri pa sabata. Kuchokera kunyumba unali mtunda ndithu, msewu wa miyala ndi makwinya, wodutsa pakamlatho kokumbika. Zubairu ndi amene ankamupititsa.

Masiku amenewo ankadzuka mbandakucha kukasenza matumba a chinangwa kupita nawo kumsika, mashoko atawapopa gwa. Pobwerera kudzatenga mkazi wake, foni inali itayamba kale kulira. Kuphwetsa mpweya sikunkatenga nthawi yoposa kumwa kapu ya tiyi, koma iye ankangoima pakhomo injini ikulira, n'kuitana:

"Amake Salma, tiyeni, anthu akundidikira!"

Rukiya ankakwera, mwana atamusiyira amayi ake, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha kumbuyo, lina pamimba. Tsiku lachiwiri, atadutsa pakamlatho paja, ananena motsitsa mawu:

"Abambo a Salma, pang'onopang'ono. Zikundipweteka."

"Ndi msewuwu," anayankha Zubairu osacheuka. "Ine ndingatani? Boma likonze."

Rukiya sanadandaulenso. Kapampu kaja ankakaona m'thumba la jekete, koma ankayesa n'ka mateyala. Namwino atamufunsa ngati akugwira ntchito zolemetsa, poti bala linkafika likuchucha, iye anangoti iyayi. Anayenda chonchi milungu isanu ndi umodzi.

Zinaululika pa sadaka ya malemu agogo ake a Rukiya, masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu anali atadzaza pabwalo, amuna mbali ina, akazi pamikeka pafupi ndi khonde, mbale za mpunga zikuyenda. Zubairu anafika atanyamula Mayi Sellah Festus, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi amene anaitanidwa ngati mnzawo wa banjalo. Mayiwo anali munthu wansangala, wosasunga mawu. Atangokhala pamkeka moyandikana ndi Rukiya anayamba kuyamikira mokweza, Zubairu ali chapomwepo akutsitsa katundu wawo.

"Inu amake Salma, Mulungu anakukondani. Ine msana wangawu madokotala anaulephera, koma njinga ya amuna anu ndimafika osamva kanthu. Ndiye chisamaliro chake! Amagwada pansi, amandifunsa ngati ndanenepako, n'kuchotsa mpweya m'zitsulo zakumbuyozo mpaka mpando ufewe. Ndiye inuyo ndi bala lanu lija, ndikhulupirira ankakuyendetsani ngati dzira."

Rukiya anasiya kudya. Anayang'ana mphunzitsiyo, kenako njinga, kenako mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Kodi zimasinthika?"

Apongozi ake a Zubairu, amene kwa milungu yonse ija ankachapa nsalu zamagazi za mwana wawo, anakoka mpango n'kuyang'ana kumbali. Mayi wina kumbuyo anang'ung'udza kuti, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza mwambiwo, poti aliyense ankadziwa zimene zimakhala m'kati mwake.

Zubairu anaima chingwe chomangira katundu chili m'manja. Akanakonda Rukiya akanalalata, akanamutukwana pagulu, bwenzi atapeza poyankhira. Koma mkaziyo anangotenga mwana n'kuyamba kumuyamwitsa. Zubairu anapita kumbali ya amuna atazyolika, anakhala kumapeto kwa mkeka, ndipo mpunga umene anamuikira unazizirira m'mbale. Malume ake a Rukiya, Che Usumani, anangomuyang'ana kamodzi n'kupitiriza kucheza ndi ashehe.

Masiku atatu sanaoneke pasiteji. Ankachoka m'mamawa, n'kukaimika njinga kudambo, kumangokhala. Chimene chinkamudya sichinali kuiwala, poti sanaiwale. Tsiku lililonse poima pakhomo paja ankadziwa kuti mashoko ndi olimba, ndipo mumtima ankati wapakhomo apirira. Anali atagwadira anthu ambirimbiri osawadziwa n'komwe, ndipo mkazi wake yekha anamuuza kuti ndi msewu.

Tsiku lachinayi anapita kwa mlamu wake Hamadi, mchimwene wa Rukiya, amenenso anali wakabaza. Anapopa mashoko pamaso pake mpaka pamene ankafikitsa akasenza chinangwa, n'kumupatsa makiyi.

"Alamu, ndiyendetseni mpaka kuchipatala. Muthamange mmene ndimathamangira ine."

Hamadi analandira makiyiwo n'kuliza injini. Chigulireni njingayo, Zubairu anali asanakhalepo kumbuyo kwake. Pamakwinya oyambirira mano anagundana. Pamiyala anamva ngati wina akumukhoma ndi mpini kuchokera pansi, kugunda kukukwera msana mpaka m'khosi. Pakamlatho paja anadumpha m'mwamba n'kugwera pachitsulo, ndipo anadziluma lilime. Hamadi sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Atafika pageti la chipatala, Zubairu anatsika n'kulavula malovu ofiira.

"Kubwerera ndiphwetse?" anafunsa Hamadi.

"Iyayi. Chomwecho."

Madzulo a tsikulo anamupeza Rukiya kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa. Anakhala pansi chapatali pang'ono, n'kumufotokozera zonse, za Hamadi, za pamlatho, za lilime. Ananena kuti walakwa, anatchula dzina la Allah, anapempha chikhululuko. Rukiya anamvetsera mpeni osauimitsa.

"Mwamva kuwawa?"

"Kwambiri, amake Salma."

"Inu munalibe bala."

Anatola china n'kupitiriza kusenda. Maulendo a kuchipatala amene anatsala anakwera njinga ya Hamadi, ya masipuling'i wamba, imene mchimwene wakeyo ankayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mtsuko wa madzi. Anthu a m'mudzimo ankawaona akudutsa, njinga ya Sofa ili pakhomo.

Ukwati sunathe. Bala linapola, mwana anayamba kukwawa, m'nyumba kuseka kunabwerera pang'ono ndi pang'ono. Patapita miyezi ingapo kunabwera uthenga woti mng'ono wake wa Rukiya wa ku Phalula wabereka, ndipo ulendo wautali chonchowo panalibe wina womupititsa. M'mawa mwake Zubairu anatulutsa njinga, n'kuyamba kugwada ndi kapampu m'manja.

"Ndipatseni," anatero Rukiya. "Ndionetseni pogwira."

Anamuonetsa polumikiza, pophwetsera, ndi mzere wa pakawotchi. Rukiya anakunga chitenje, anagwada yekha, anatulutsa mpweya, anakhala pampando kuyesa, anatsika n'kuchotsanso wina. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse wachita chomwecho, ndipo salola kuti mwamuna wake amuchitire.

Lero Zubairu akadali pasiteji ya ku Chikweo, ndipo makasitomala ake sanachepe. Dzina lija pathanki analifuta ndi sandipepa. Anthu akamayamikira kufewa kwa mpando amangoti "Zikomo" n'kuliza injini. Masiku a msika, Rukiya akagula zake n'kubwera pasiteji kuti apite kunyumba, amatambasula dzanja, iye n'kumupatsa kapampu. Akabaza obwera kumene, amene nkhaniyi saidziwa, amaseka n'kumati, "Che Zubairu, mpaka mayi munawaphunzitsa umakaniko! Chikondi chake chimenecho!" Iye amaima pambali atagwira jumbo ya tomato ndi matemba ya mkazi wake, kudikira kuti amalize.