Suti ya Abambo yachita chuku

Mwaswera bwanji abale. Ine kuno ku Joni zinthu sizili bwino.

Lero ndinatsegula chikwama chija ndimasungamo katundu wa ukwati wa mng'ono wathu Chisomo, poti wonyamula katundu wopita kumudzi anyamuka Loweruka. Eish, fungo lokhalo! Zitenje zonse zachita chuku. Suti ya Abambo ija ndinagula ili yabulawuni, pano ndi yobiriwira mpaka m'matumba.

Paja ndimagwira ntchito kwa a Sajeni, kunyumba za asilikali, ndipo ndimagona m'kachipinda kakuseri. Khoma lake limangotuluka thukuta, chimodzimodzinso m'nyumba yaikulu. Madamu adandaula kangapo, koma okonza nyumba amangobwera kudzapaka penti, pakapita masabata awiri mawanga akuda a chuku abwereranso. Mwana wawo akutsokomola osaleka.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndadzipweteka ndekha. Ndinakulunga chilichonse m'majumbo n'kumanga zolimba, monga timachitira kwathu poopa fumbi ndi chiswe. Madamu ataona anagwira pakamwa, akuti jumbo ndiye imasunga chinyontho, zovala zimafuna mpweya.

Ndapukuta ndi viniga, ndayanika padzuwa tsiku lonse. Kolala ya suti yangonyenyeka m'manja mwanga. Kukadandaula ku ofesi sindingayerekeze, angakandifunse mapepala okhalira m'dziko muno.

Achimwene, inu ndi amene muli pafupi ndi Abambo. Munati auza kale mpingo wonse kuti adzavala suti ya ku Joni, ndipo jekete lawo lakale anapatsa Amalume. Ndiwaimbire ndekha, kapena muwauza inu?