Nsalu Yoyera ya Pasaka

Ku Chama Pasaka imafika mvula ikutsanzika, mondokwa atakhwima. Kutchalitchi kwathu achinyamata amamanga manda a udzu pansi pa mtengo wa mango, n'kuchita sewero la imfa ndi kuuka kwa Ambuye. Kwa zaka zambiri Yesu wa m'seweromo anali amuna anga. Sikuti anali oyera mtima kuposa ena ayi, pakamwa pawo panali ngati pa wogulitsa kapenta. Kungoti anali owonda, ndevu anali nazo kale.

Ntchito yanga inali kuchapa nsalu yoyera imene ankafunda potuluka m'mandamo Lamulungu m'mawa. Chaka chilichonse ndinkanyinyirika, chifukwa dothi la kuno likagwira nsalu, sopo amagonja.

Chaka china malungo anawatenga amuna angawo mvula ili pakati. Pofika Pasaka ndinali nditatopa ndi zonse: kuphunzitsa kusukulu, kulandira odzapepesa, ngakhale kumva zoti malemuwo ali m'manja mwa Mulungu. Amayi a kutchalitchi atabwera kudzapempha nsalu ija, ndinangoichapa, n'kuiyanika.

Mwana wathu wamkazi, wa giredi wani, anaiona pachingwe.

"Amama, mwachapa nsalu ya atate! Manje abwera pa Sondo, eti?"

Ndinamufotokozera kuti manda a udzu aja ndi a sewero chabe, manda amene tinaikako atate ake ndi ena. Anagwedeza mutu monga amachitira ana akafuna kuti wamkulu asiye kulankhula.

Lamulungu anadzuka yekha, navala diresi yake yabwino, ndipo kutchalitchi anakakhala kutsogolo kwenikweni. Kwaya inaimba. Achinyamata anachotsa mphasa yotseka pakhomo pa manda, ndipo munatuluka mnyamata wokonza njinga kumsika, wamtali ngati mlongoti, nsalu ikumulekeza m'mawondo. Amayi anaimba nthungululu. Ine maso anali pa mwana wanga.

Sanalire. Anaimirira, napita kukasuzumira m'manda muja, anthu onse akuona. Anabwerera pang'onopang'ono, n'kudzakhala pamiyendo panga.

"Mulibe," anandinong'oneza. "Manje atate ni liti?"

Abusa anali atayamba kulalikira za moyo wosatha, koma ine sindinkamva kanthu. Chiikireni maliro, mawu amenewo ankangondidutsa pamwamba. Ndinalibe mphamvu zonamiza mwana, ndinalibenso mphamvu zomuuza kuti basi kwatha.

"Tsiku sindilidziwa, mwanangu," ndinatero. "Koma adzatuluka."

Ndinadabwa kudzimva ndikunena zimenezo, ndipo sindinafune kuzibweza.

Mwanayo anayang'ananso mnyamata uja.

"Basi muwalande nsalu. Aja siiwakwana. Atate akatuluka azavala chani?"

Madzulo ndinapita kukaipempha. Amayi aja sanafunse chifukwa. Inali itadetsedwa kale ndi dothi lija, ndipo ndinaichapa mpaka zala kuwawa, osanyinyirika ngakhale pang'ono.